Masipika a kompyuta otchipa: ndigule sabu kapena kaampu ndi masipika apadera?

chikanda_boy:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo apa. Ndili ndi desktop ya HP yakaunjika, ndimalemberapo zakusukulu komanso madzulo kumvera nyimbo, koma masipika omwe ndili nawo ndi tija ta USB tapulasitiki, ukangokweza voliyumu pang'ono timayamba kulira ngati chitini ndipo besi mulibemo olo pang'ono. Ndasunga K120,000 basi. Mtauni muno ndaona sabu ya 2.1 (bokosi la besi ndi timasipika tiwiri) pabokosi palembedwa 3000W, koma mnzanga wina akuti zimenezo ndisiye ndipeze kaampu ndi masipika apadera. Chipinda changa ndi chalendi ku Chikanda ku Zomba, chaching'ono, khoma limodzi ndi aneba, nde sindikufuna zogwedeza malata ayi, ndikungofuna nyimbo zizimveka bwinobwino. Komanso kodi kompyuta payokha singayendetse masipika akuluakulu, ampuyo ntchito yake ndi chani kwenikweni?

Madala_Fuse:
Mphwanga, 3000W imeneyo muyiiwale kaye. Mukayang'anitsitsa pambali pake mupeza timalemba ta PMPO, ndi nambala ya otsatsa malonda imeneyo, yoona ndi ya RMS ndipo nthawi zambiri amaibisa kumbuyo kapena salembako n'komwe. Njira yachidule yowagwirira bodza, tembenuzani chinthucho muone pomwe palowa chingwe cha magetsi, pamakhala kapepala konena mphamvu yomwe chimadya. Chikamadya 40W chingatulutse bwanji 3000W? Olo Logitech Z313 yomwe ndi kampani yodziwika imangoti 25W RMS basi.

Funso lanu lija, kabowo kobiriwira kumbuyo kwa kompyuta kamatulutsa mphamvu yongokwanira mahedifoni, kulumikiza sipika yaikulu pamenepo muzingomva manong'onong'o, nde ntchito ya ampu ndi kukulitsa mphamvuyo kuti iyendetse sipika. Tija ta USB tili ndi kaampu mkati koma USB 2.0 imapereka 5V ndi 500mA, ndi 2.5W imeneyo yoti igawidwe pa masipika awiri, nchifukwa chake timatsamwa mukakweza.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita zimene wanena mnzanuyo. M'manyumba ambiri muno muli mawailesi aja a Sony, Aiwa, Panasonic amakaseti ndi ma CD atatu, wailesi inafa kalekale koma masipika ake ali bwinobwino akungoikapo maluwa pabalaza. Funsani kwa amisiri okonza mawailesi kumsika waukulu kapena ku Mpondabwino, ambiri ali nawo omwe eni ake sanabwerenso kudzatenga. Mabokosi amenewo ndi athabwa, sipika yake mainchesi 5 kapena 6, palibe sabu yapulasitiki yamtengo umenewo ingafaneko pa mawu a oyimba ndi magitala. Kenako kaampu ka class D (mtundu wa ampu wosaononga magetsi ambiri) kokhala ndi chip ya TPA3116, ya Texas Instruments, kamagwira kuyambira 4.5V mpaka 26V, sikatentha kwambiri, kukula kwake kamakwana m'dzanja. Magetsi ake chaja ya laputopu ya 19V basi. Ndalama yambiri ikani pa masipika, ampu ndi yotchipa.

NaBanda_Matawale:
Madala ndakumvani koma si aliyense amafuna mawaya mbwee patebulo kkkk. Ine ndili ndi Edifier R1280T, ampu ili mkati momwemo, 42W RMS, umangolumikiza kachingwe kamodzi kukompyuta china kukhoma basi zatheka, kali ndi rimoti komanso polowetsa pawiri nde TV ndi kompyuta zonse zili pompo. Vuto ndi mtengo, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zoitanitsa kunja sizikugwirikanso, K120,000 sindikukhulupirira kuti ingakwane pokhapokha mutapeza wina akugulitsa yake yakale, ana asukulu akamamaliza amagulitsa katundu motchipa nde muzitchera khutu semesita ikamatha. Koma sabu ija musagule achimwene, pakhoma limodzi besi ndi imene imadutsa, inu muziona ngati mwatsitsa pomwe kwa aneba mbale zikunjenjemera, mudzadana ndi alandilodi zosafunika.

sola_man_Thondwe:
Chomwe sanatchule onsewa ndi nkhani ya magetsi kuthimathima. Masipika okhala ndi ampu mkati amafuna 230V, akathima basi mwakhala chete pokhapokha muli ndi inveta. Kaampu ka class D kaja mumangokalumikiza kubatire ya 12V mwachindunji, ine kwathu kuno ndi momwe ndimamvera, foni pa Bluetooth batire ya sola ija yaing'ono, tsiku lonse osatha. Zoona pa 12V mphamvu imatsika, sipika ya 8 ohms imalandira mwina 9W pomwe pa 19V imadutsa 20W, koma m'chipinda zimakwana ndithu. Ingoikani fyuzi pawaya wa positive pafupi ndi batire, ndipo osasinthanitsa red ndi black, timaampu tambiri tilibe chitetezo timapsa nthawi yomweyo.

chikanda_boy:
Zikomo nonse. Ndawaimbira amalume ku Chinamwali akuti ali ndi masipika awiri a Aiwa akungokhala m'sitolo, wailesi yake inapsa ndi mphenzi, akuti ndikatenge ndingowagulira mayunitsi. Anditumizira chithunzi kumbuyo kwake palembedwa 6 ohms. Madala_Fuse amenewa agwira ndi kaampu kaja? Nanga ndikadziwa bwanji kuti mphenziyo sinawaononge nawonso? Chaja ndili nayo ya HP ya laputopu yakufa. Ndipo 20W yo siyochepa koma? ndimaona ngati pakufunika 100W kupita mtsogolo

Madala_Fuse:
6 ohms ili bho, TPA3116 imanyamula kuyambira 4 mpaka 8 popanda vuto, chomwe musachite ndi kumangirira masipika awiri pa channel imodzi (mbali imodzi, yakumanzere kapena yakumanja) chifukwa ma ohms amatsika theka nde kaampu kamadzithimitsa kapena kupsa kumene.

Mukapita kwa amalumewo tengani batire ya tochi ya 1.5V. Gunditsani mawaya awiri a sipika kumapeto kwa batire, mumve kuti thu ndipo pepala la sipika lisunthe, likatuluka kunja ndiye kuti waya womwe uli kumutu kwa batire ndi positive, mangani kamfundo pamenepo musadzaiwale. Likangokhala zii koyilo (kawaya kokulunga kali mkati mwa sipika) inaduka. Kenako chotsani kansalu kakutsogolo, kankhani pepalalo pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati, liziyenda mofewa osamveka kukhula, mukamva khwekhwe koyilo inapsa ikukhula maginito. Muonenso mkombero wake uja wofewa, ngati ndi wa siponji umafumbutuka ukakalamba makamaka ndi chinyezi cha Zomba chino, ukaugwira umangotsalira m'zala. Wa labala kapena wansalu umakhalitsa. Ndipo gwedezani bokosilo, zinthu zokhala m'sitolo makoswe amalowera pabowo la besi lija nkukamanga nyumba mkati kudya mawaya. Tweeter (kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala) batire siikuuzani zambiri, imeneyo mudzaimva ndi nyimbo, ikani khutu pafupi ngati tsitsitsi wa zinganga akumveka. Mukapeza mita yoyezera ma ohms, sipika ya 6 ohms imawerenga cha m'ma 4 kapena 5, musadabwe ndi momwe zimakhalira.

Chaja ya HP yo mphamvu ili nayo koma kamutu kake sikalowa, HP ili ndi kaphini pakati pomwe timaampu tambiri timafuna 5.5 x 2.5mm ngati ya Toshiba kapena Asus zakale zija za 19V 3.42A, imeneyo ndi 65W yokwana bwino. Kasinthanitseni kwa okonza makompyuta kapena mmisiri akuduleni aike kamutu kena, pakati positive. Osapyola 24V olo chip imalola 26.

Za 100W zo ayi mphwanga. Sipika ngati imeneyo pa 1W yokha imatulutsa cha m'ma 87dB (muyeso wa kukwera kwa mawu) mutakhala mita imodzi, ndipo patebulo mumakhala pafupi kuposa pamenepo, nde nthawi zambiri muzigwiritsa 1W kapena 2W, zotsalazo ndi zongodikira ng'oma ikagunda. Kuchoka pa 20W kufika 40W kumangoonjezera 3dB, khutu limangoti zakwera pang'ono. Anthu amaononga ndalama pa mawatsi omwe sadzawagwiritsa ntchito, chonsecho masipika awaika pansi pa tebulo akuimbira mawondo.

China chofunika, pa class D mawaya awiri a negative musawaphatikize pamodzi kapena kuwagunditsa kuchitsulo ngati mmene ena amachitira m'magalimoto akale, sipika iliyonse mawaya ake awiri paokha. Kuchoka kukompyuta mugule chingwe cha 3.5mm mbali ina RCA yofiira ndi yoyera, chachifupi. Mukamva kung'ung'uza kapena kulira mukamasuntha mouse, yambani mwaika kompyuta ndi ampu pa extension imodzi, zikakanika gulani ka sound card ka USB, ma desktop akale ambiri amakhala ndi phokoso pa jack.

NaBanda_Matawale:
Eee Madala mwaphunzitsa kalasi yonse apa. Ine ndingoonjezera kuti muwakweze tweeter ifike pamlingo wa makutu olo pamabuku, pansi pake muike kasiponji tebulo lisamalire nawo, ndipo musawakanikize kukhoma la anebalo siyani kampata.

chikanda_boy:
Ndamva, Loweruka ndikwera kabaza ndikawaone ndi batire yanga m'thumba. Kaampuko ndafunsa mashopu awiri mtauni alibe, wina akuti ndiyese ku Limbe. Alipo akupita ku Blantyre sabata ino anditengereko? ndalama nditumiza pa Mpamba

sola_man_Thondwe:
Ndikupita Lachinayi kukagula ma charge controller, ndilembereni ku inbox. Munene ngati mukufuna ka Bluetooth kapena kopanda, komanso kabokosi kapena board yokhayokha, board ndi yotchipa koma muzakaikira nokha mokhala.