Ma shock absorber a kalavani akalamba: ndisinthe tsopano kapena ndidikire?

Bambo a Tadala, Area 47:
Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa za magalimoto. Ndili ndi kalavani (kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto) ya mtundu wa Jurgens imene ndinagula yogwirapo kale ntchito zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo timaikoka kawiri kapena katatu pachaka popita ku Senga Bay ndi banja langa. Pa ulendo wapitawu, tikutsetsereka cha ku Mvera pa msewu wa M14, kalavaniyo inkati ikagunda chibampu imapitiriza kudumphadumpha kwa nthawi yaitali, moti titafika tinapeza makabati atatseguka, mbale zina zitasweka. Chiigulireni sindinasinthepo ma shock, koma sindikuona mafuta akudontha. Kodi pamenepa afa, kapena angatitumikirebe?

Makaniko wa ku Biwi:
Bambo, kusadontha kwa mafuta si umboni woti shock ili moyo, chifukwa ina imakhala kuti inatha kale mafuta onse ndipo fumbi linakwirira zizindikiro zake. Ntchito ya shock si kunyamula katundu. Imeneyo ndi ntchito ya masipuling'i kapena mphira wa mu ekiselo (chitsulo chimene pamamangidwa matayala). Shock imangoletsa kudumpha kuti tayala lisachoke pansi, ndipo pochita zimenezo mafuta ake amatentha. Choncho mukayenda makilomita khumi pa msewu wa mabampu, imani ndi kuikhudza mosamala: ikakhala yofunda ikugwira ntchito, ikakhala yozizira ngati chitsulo cha chasisi ndiye kuti yafa. Njira yotsimikizika ndi kuimasula, kuiimika chilili, kenako kuikankha ndi kuikoka ndi manja. Ikamalowa mofewa, kapena ikamasiya mpata isanayambe kulimba, musataye nthawi nayo.

Chimene ambiri sachiganizira ndi chakuti kalavani imaonongeka ili chiimire. Ikakhala panja nyengo yonse ya dzinja, ndodo ya shock imachita dzimbiri, ndipo tsiku limene mwanyamuka dzimbirilo limang'amba silo yotseka mafuta. N'chifukwa chake pa kalavani sindiwerengera makilomita okha ayi, ndimayang'ananso zaka.

Mayi a Chikondi, Area 25:
Ndikugwirizana ndi amakaniko, koma Bambo a Tadala muyang'anenso matayala. Ife tinazindikira vuto lathu titaona tayala likudyeka mwa zigambazigamba, pena pokwera pena potsika. Onaninso manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT pambali pa tayala, amene amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Ndipo katundu wolemera, monga madzi ndi mabotolo a gasi, asakhale kumbuyo kwenikweni, pakuti kalavani yolemera kumchira imagwedezeka ngakhale ma shock ali atsopano.

Makaniko wa ku Biwi:
Mayi anena zoona. Ndiwonjezere kuti musinthe mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi mabushi ake a mphira. Pokagula mutenge yakaleyo m'manja, kuti akayeze kutalika kwake itatambasuka ndiponso itapanikizidwa, chifukwa shock yaifupi imaduka tayala likagwera m'dzenje. Zakaunjika musagule, popeza zaka zake simungazidziwe.

Bambo a Tadala, Area 47:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamasula ya kumanzere madzulo ano, ndipo yalowa yonse ndi dzanja limodzi lokha, mabushi akenso ang'ambika. Loweruka ndipita nazo zonse ziwiri ku mashopu a ku Malangalanga kukafunafuna zofanana nazo, ndipo ulendo wa ku nyanja tauimitsa kaye mpaka zitamangidwa.