Thandizeni abale: Windows 7 ikuti DVD drive palibe, chonsecho yayambira pa DVD yomweyo

Wofunsa: Akuluakulu, zandivuta. Laputopu yanga ndinabwereketsa alamu anga, ati masiku atatu okha. Yabwera patatha miyezi iwiri, yodzaza mavairasi, chaja chomangamanga ndi selotepi, ngakhale pepani sananene. Akunyumba akuti ndisatsegule pakamwa poti ndi achimwene awo. Ndiye ndati ndingoifomata. Disiki ya Windows 7 ndagula kwa mnyamata wina mumsika, nayenso wandidula. Ikuyamba bwinobwino, ndasankha chilankhulo, ndadina Install now, basi yandilembera "A required CD/DVD drive device driver is missing". Ikuisowa bwanji drive yomwe ikuwerengayo? Mawa ndikuyenera kupereka mayeso amene ndikutaipira sukulu ina, ndalama zake ndinadya kale.

Katswiri Weniweni: Windows 7 mpaka lero?? Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Januwale 2020, inu mukadali nayo! Ikani Linux Mint m'malo mwa Windows, ndi yaulere, mavairasi muwaiwala. Ndakhala ndikunena pagulu pano, koma anthu simumva.

Mayi wa ku Zingwangwa: Alamu ndi choncho bambo. Ine anandibwereka makina osokera, anabwera opanda lamba, ati "anali choncho kale". Mpaka pano timangopatsana moni pamaliro.

Mfana wa pa Depoti: Ipumireni mpweya disikiyo, muipukute pamalaya ngati CD ya kwaya kkkk

Wokonza Mafoni: Laputopuyo ndi mtundu wanji? Drive ndi yamkati kapena yolumikiza ndi chingwe?

Katswiri Weniweni: Poti mwakakamira, lowani mu BIOS (kapulogalamu koyambitsa kompyuta), dinani F2 kapena F10 poyatsa, mupeze SATA mode (mmene kompyuta imalankhulira ndi drive), muchotse AHCI muike IDE. Yatha nkhani. Ena akadakulipiritsani.

Mphunzitsi Wopuma: Zimenezo tinkachita pa Windows XP yakale ija, achimwene. Windows 7 AHCI imaidziwa. Ine ndikukayikira disikiyo. Anyamata amumsika amawotcha mothamanga pa ma DVD otchipa, fayilo imodzi ikawonongeka uthenga umakhala womwewu. Iwotchedwenso pang'onopang'ono, pa 4x.

Katswiri Weniweni: Madala, ine makompyuta ndinayamba kumasula inu mukulemba ndi choko. Musandiphunzitse ntchito.

Mphunzitsi Wopuma: Choko chomwecho n'chimene chinakuphunzitsani kuwerenga BIOS.

Wofunsa: Musakangane chonde. Linux sindingathe, pulinta yanga ndi yakalekale, disiki yake ndi ya Windows. Pulintayo ndinagula ndi ndalama za chipeleganyu, alamu omwewo anafunanso kuinyamula. Mu BIOS ndalowa, mawu oti IDE sindikuwaona.

Wokonza Mafoni: Ndafunsa kale, bwana. Drive ili mkati?

Mlongo Wanu mwa Ambuye: Khululukani alamu anuwo, zinthu zimatha koma ubale sutha.

Mfana wa pa Depoti: Ubale sutha koma chaja chatha.

Wofunsa: Laputopuyi ilibe potsegukira disiki. Drive ndi yachingwe, ndabwereka kwa mlembi wa kutchalitchi. Kodi zili ndi kanthu?

Wokonza Mafoni: Nkhani yonse ndi imeneyo! Poyatsa, amene amawerenga drive ndi BIOS, n'chifukwa chake ikuyamba. Setup ikatsegula imayamba kudalira madalaivala ake (timapulogalamu toyendetsa zipangizo), ndipo Windows 7 ndi ya 2009, a USB 3.0 mulibe. Suzumirani pomwe mwabaya chingwe. Ngati kalilime kamkati ndi kabuluu, ndiye kuti ndi USB 3.0, zulani mubaye pakakuda, muyambirenso. Koma ngati pasitika palembedwa Intel ya 6th gen kupita m'tsogolo, mabowo onse amayendera njira yatsopanoyo, kusintha bowo sikuthandiza. Pamenepo pezani flash ya 8GB, wina akuikireni Windows 10 ndi Rufus, pulogalamu yoikira Windows pa flash. Dalaivala wa pulinta wa Windows 7 nthawi zambiri amagwira pa 10.

Katswiri Weniweni: NDI ZOMWE NDIMANENA. Komanso Windows 10 nayo inatha pa 14 Okutobala 2025. Linux Mint ikanaiona drive imeneyo osafunsa.

Mphunzitsi Wopuma: Munanena za IDE inu, zikuonekabe pamwambapa.

Mayi wa ku Zingwangwa: Drive ya kutchalitchiyo mubweze msanga, alamu asanaione.

Wofunsa: Ndaona, kalilime ndi kabuluu, lakuda lili mbali inayo. Ndimati ndisinthe, magetsi azima. Batire silisunganso moto chibwerere kwa alamu. Alipo wa ku Chilomoni amene kwawo akuyaka?