Kodi ku Zoo Lake nkwaulere? Ndikusowa kopita ndi ana Lamulungu

Nachisale_Jozi

Moni nonse abale anga amene muli kuno kujoni. Ana anga awiri abwera kuchokera kumudzi posachedwapa ndiye tikukhala chipinda chimodzi ku Yeoville, pabwalo palibe olo pothamanga, kumsewu sindingawalole, nde Lamulungu tikaweruka kutchalitchi amangokakamira pa foni yanga mpaka data kutha, mtima umandipweteka poti kwathu anazolowera kusewera mpaka dzuwa kulowa. Mayi wina amene ndimagwira naye ntchito wandiuza za Zoo Lake kuti kuli madzi, kapinga, mitengo, anthu amakaotcha nyama konko. Kodi polowa amalipiritsa? Nanga nkwa aliyense kapena ndi malo a mabwana okhaokha poti ku Parkview nkwa anthu andalama? Komanso chitetezo chake chili bwanji, mzimayi ndekha ndi ana? Amene munafikako ndiuzeni zoona chonde.

Che_Mussa77

Achemwali pitani basi, polowa ndi ulere palibe zoti tikiti. Kungoti musasokoneze ndi zoo ija ya nyama imene ili tsidya lina la msewu wa Jan Smuts, kumeneko nde mumalipira aliyense mutu wake. Mukafika mtauni funsani taxi yodutsa Jan Smuts, muuzeni dalaivala kuti mutsika pa Zoo Lake, onse amapadziwa.

Koma musakayembekezere ngati ku Mangochi ayi, iyi ndi nyanja yokumba anthu, mutha kuizungulira wapansi ana osadandaula miyendo. Pali maboti opalasa a hayala, amenewo nde olipira, pakati pali kachilumba ka mbalame, abakha ndi atsekwe ali mbwee m'mbali monse. Kusambamo ayi, madzi ake si osamba, swimming pool ili payokha chapafupi pomwepo. Makatungwe a ana alipo, bwalo la basketball liliponso.

Madala_Phiri

Mwana wanga, funso lako loti kodi ndi malo a mabwana landigwira mtima, ndilole nditalikitseko pang'ono. Ine ndakalambira m'magadeni a ku Parkview ndi ku Saxonwold konko ndipo mbiri ya malowa ndinaimva kwa bwana wina wokalamba amene ndinkamusamalira maluwa, kenako ndinadzaiwerenganso ndekha.

Kale dera lonselo linali nkhalango yochita kubzala, ankaitcha Sachsenwald, mitengo yake ankafuna yochirikizira m'migodi ya golide. Mu 1904 kampani ya migodi ya Wernher, Beit & Co inapereka malowo kwa mzinda wa Johannesburg pokumbukira mnzawo Hermann Eckstein amene anamwalira mu 1893, nchifukwa chake pa mapepala dzina lake ndi Hermann Eckstein Park, zoo ijanso ili pa malo omwewo. Tsono pa chikalata choperekeracho analembapo kuti malowa akhale otsegukira anthu a mitundu yonse. Ndiye taganiza, mu 1953 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo lolekanitsa mapaki, mabenchi, zimbudzi, magombe, ichi cha azungu ichi cha akuda, ndipo lamulolo linakhala mpaka 1990, koma pa Zoo Lake munthu wakuda ankalowabe chifukwa cha mawu a m'chikalata aja. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu akapatsidwa ofu yawo ya Lachinayi kapena Lamulungu masana analibe malo ambiri opita m'dera limenelo, kuchipinda chakuseri kwa bwana sankaloledwa kulandira alendo mwaufulu, nde amakakumana pansi pa mitengo ija.

Kasupe uja wothovola madzi pakati pa nyanja anamumanga mu 1937 pamene ankalonga ufumu George VI wa ku Britain, ana ako akamuona uwauze kuti ndi wamkulu kuposa agogo awo.

Ndipo china, chuma chimene chinagula malo amenewa chinatuluka pansi pa nthaka, m'migodi momwe agogo athu a ku Nyasaland ankapita pa Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi, ena osabwerera. Usakalowe pamenepo wozyolika ngati ukupempha. Kayale chitenje chako pamthunzi umene waukonda.

Mphatso_K

Madala mbiri mwaifotokoza bwino koma tisamubisire mayiyu mbali inayo. Ine ndinasiya kupitako masiku a zikondwerero. Pa Khrisimasi ndi pa nyuwele anthu amadzadza osaona poponda, magalimoto aliyense mawailesi mwamphamvu, mowa ngakhale malamulo a mapaki saloleza, mawa lake mabotolo osweka pakapinga pomwe ana amathamanga opanda nsapato, mapepala a chipisi akuyandama pamadzi abakha nkumajompha. Ndipo tisanamizire ena, ifenso a kwathu timasiya makala ndi mafupa pompo nkunyamuka ngati kuli wina wotitolera. Eni nyumba zoyandikana akamadandaula phokoso timati ndi tsankho, mwina ena ndi tsankhodi, koma zinyalala zija nzathu tonse.

Za chitetezo, mlamu wanga anamulanda foni chakumadzulo ali yekha mbali ya mitengo yambiri uko. Masana pagulu palibe vuto kwenikweni, koma kukayamba kuda nyamukani, ndipo chikwama musasiye pa bulangete nonse nkupita kukaona abakha. Pasipoti yanu muzikhala nayo monga mwa masiku onse kuno.

aNaphiri_wa_ku_Dedza

Achimwene a Mphatso zomwe mwanenazo nzoona sindikutsutsa, koma ine ndikapanda paki imeneyi kaya ndikanapenga. Ndimagona kuntchito, kachipinda kanga bedi ndi sitovu basi, sabata yonse ndimalankhula chizungu cha yes madam, mwana wa eni ndimamulera ine pomwe anga akuleredwa ndi mayi anga kumudzi. Lamulungu ndikafika paja nkumva Chichewa chikuchokera pansi pa mtengo mtima umakhala pansi. Gulu lathu la chipereganyu timakumana pompo, poti ndani mwa ife ali ndi nyumba yokwana amayi khumi? Ku mall ungakhale pampando osagula kanthu? Sekyulite akuthamangitsa. Paja palibe amene amakufunsa kuti wagula chani.

Wina amabwera ndi nsima mu fuduwoma, wina usipa umene wabwera pa basi, wina chigumu, timadya kenako kope la ndalama litseguke aliyense aponye yake, uku wina akuluka mnzake tsitsi atamukhazika pakati pa miyendo, chipeso chili kukamwa. Mnzathu wina atamwalira kuno ndalama zotumizira thupi kumudzi tinasonkherana pa kapinga yemweyo, nyimbo za maliro tinaimba motsitsa, amwenye amene ankaotcha nyama pafupi nafe anazimitsa wailesi yawo okha osawauza. Ganyu yambiri anthu amaipezeranso pompo, umangomva kuti madam wakuti akufuna munthu wochapa Lachiwiri.

Ndiye Nachisale bwera nawo anawo, akasewera ndi anzawo, ana sachedwa kudziwana. Pulasitiki ya zinyalala tenga yako, ife gulu lathu tinapangana kuti sitinyamuka tisanatole.

Nachisale_Jozi

Zikomo kwambiri nonse, a Madala mwandilimbitsa mtima zedi. Amayi aNaphiri ndikulemberani ku inbox kuti ndidziwe mbali imene mumakhala. Funso lina laling'ono, nthawi yabwino yofika ndi iti, nanga nyama tingaotche paliponse?

Che_Mussa77

Fikani cham'mawa isanakwane 11 kuti mupeze mthunzi wabwino, masana mitengo yonse imakhala ili ndi eni. Moto musakoleze pakapinga, pali malo ake ootchera, makala mutenge anu. Mukapita wikendi yoyamba ya mwezi mukapezanso ojambula a Artists Under the Sun atayala zithunzi zawo panja, kuona nkwaulere ana amakonda. Komanso miyezi ya dzinja mvula ya kuno imabwera masana mwadzidzidzi ndi ziphaliwali zoopsa, nthawi zina ndi matalala omwe, nde mukangoona kumwamba kwada musabisale pansi pa mtengo, longedzani muthamangire pa shedi kapena kukakwera taxi.