Mendulo ya golide ya nkhonya: yeniyeni imadziwika bwanji?

Chibakera: Akuluakulu amene mumatolera mamendulo a ankhonya osalipidwa, makamaka a Olimpiki, munthu akakutsatsani ya golide mumayamba kuona chiyani musanatulutse ndalama?

Wasikelo: Yambani ndi sikelo, achimwene. Mendulo ya golide ya Olimpiki ndi siliva wokutidwa ndi golide wosachepera magalamu 6. Akathyali amagula ya siliva ya wachiwiri n'kuipaka golide wopyapyala, ndiye ndi maso simungasiyanitse. Ku Tokyo 2020 ya golide inkalemera pafupifupi magalamu 556, ya siliva 550. Kusiyana kochepako kumafuna sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.1, osati ya pamsika. Wina akanena kuti yake ndi golide yekhayekha, mufunseni chaka. Otero anathera mu 1912 ku Stockholm, komwe nkhonya kunalibe chifukwa malamulo a Sweden ankaletsa. Ndiye a nkhonya a golide yekhayekha ndi a 1904 ndi 1908 basi.

Mayi wa Mamendulo: Zoona, koma ambiri amapusitsidwa ndi mendulo imene ankapatsa aliyense wopita kumasewerawo, ngakhale wogonja ndewu yoyamba. Imeneyo si ya katswiri, ndipo mtengo wake ndi wotsika kwambiri. Onaninso pomwe analemba dzina la masewera. Mamendulo a Rome 1960, chaka chimene Cassius Clay (Muhammad Ali) anapambana, ali m'nkata wamkuwa wa masamba wokhala ndi tcheni, dzinalo lili m'munsi mwa nkatawo. A London 2012 analemba m'mphepete.

Chimene chimakweza mtengo ndi umboni wa mwini wake: kalata yosainidwa ndi wankhonyayo kapena banja lake, bokosi lake, riboni yoyambirira. Ya Wladimir Klitschko ya Atlanta 1996 inagulidwa madola 1 miliyoni mu 2012, ndipo si golide wa magalamu 6 amene anafikitsa pamenepo. Wogulayo anamubwezeranso mwini wake.

Chibakera: Nanga ikada, mayi, ndiikweche ndi polishi?

Mayi wa Mamendulo: Ayi ndithu! Golideyo ndi khungu chabe, mukakwecha siliva amatulukira pamalo otukuka ndipo mtengo wagwa. Ipukuteni pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa kouma, muigwire m'mphepete mutavala magolovesi a thonje. Musaisunge m'pulasitiki yofewa ya PVC, imatulutsa asidi. Ikani timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi m'bokosimo, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo riboni isaone dzuwa chifukwa imasuluka.