Nkhani yanga ndiilembe ndi "ine" kapena "iye"?

Wa ku Dedza: Anzanga tandithandizeni. Ndikulemba kankhani ka mayi yemwe mwamuna wake anapita ku Joni n'kungosiya kuyimba foni, ndiye ndayamba ndi "ine" ngati mayiyo ndi amene akufotokoza koma pano ndakakamira, ndikufuna owerenga aone zomwe bamboyo akuchita ku Johannesburg koma mayiyo sangazidziwe. Nditani?

Aphunzitsi: Achimwene musasinthe ayi. Mfotokozi wa "ine" amangonena zomwe waona ndi maso ake komanso zomwe wamva, ndipo mphamvu yake ili pomwepo. Owerenga azivutika naye limodzi, azimuona akuyang'ana foni usiku pansi pa neti, timizere tiwiri ta WhatsApp tasanduka tabuluu koma yankho zii. Za ku Joni zibwere ndi mnzake wa bamboyo wotsika basi, wonyamula chikwama koma wosafuna kumuyang'ana m'maso.

NaPhiri wa ku Chipata: Ine ndiye ndikutsutsako pang'ono. Nthano za agogo zija akati "Padangotero" ife "Tili tonse", agogo ankadziwa zonse, za m'mtima mwa Kalulu ndi za Fisi zomwe, ndiye tinkaona msampha Fisi asanauone, mtima uli phaphapha. "Iye" amakupatsani zimenezo, mutha kulowa m'nyumba zonse ziwiri.

Wa ku Dedza: Zikomo nonse, zandikhudza zedi. Nanga mwana wawo wa zaka 9 atafotokoza iyeyo? Amamva akulu akunong'ona kuseri kwa khitchini koma samvetsa.

Aphunzitsi: Eya, yesani! Koma mawu ake akhale a mwanadi, asalankhule ngati ankhoswe.