Mutu wa nkhwazi ukuyera mopyola pazithunzi, ndithandizeni

Moni nonse m'gulu muno. Ndakhala ndikujambula mbalame ku Kamuzu Dam m'mamawa, koma nkhwazi yandisowetsa mtendere. Mutu ndi chifuwa zikutuluka zoyera mbee ngati pepala, nthenga osaoneka n'komwe, pomwe mapiko ali bii. Kakowa nayenso chimodzimodzi.

Kamera yanga ndi Nikon D3500, lenzi ya 70-300mm, ndipo ndimajambula mu RAW (mtundu wa fayilo yosunga zonse zomwe kamera yajambula). Ndayesa kutsitsa exposure (kuchuluka kwa kuwala pachithunzi) kufika -1, shutter (liwiro lojambulira) 1/1000, ISO (mphamvu ya kamera yolandirira kuwala) 400. Mu Lightroom (pulogalamu yokonzera zithunzi) ndikatsitsa highlights (malo owala kwambiri), poyera paja pamangotuwa ngati phulusa. Ndikakweza shadows (malo amdima), mapiko amadzaza timadontho. Zikundiwawa kwambiri, chifukwa Loweruka nkhwazi inatera pafupi penipeni, nsomba ili m'zikhadabo.

Kodi ndiziyeza kuwala pamutu pokha ndi spot metering, kapena ndikulakwitsa pokonza? Anzanga mumatani?