Za pansi pa holo yathu: tikonze vinyl kapena tibwerere ku simenti?

Mlembi, Lilongwe: Mwaswera bwanji nonse. Zithunzi ndatumiza zija ndi za chipinda chowerengeramo ana ku holo yathu ku Salima. Vinyl uja, mapulanga a pulasitiki oyala pansi aja, wayamba kusweka m'malumikiziro kuyambira pakhomo mpaka pawindo la kuzambwe, pena watukuka moti mwana atha kupunthwa. Komiti ya kumudzi ikufunsa kuti titani mvula isanayambe.

Msungichuma, Blantyre: Mabokosi a vinyl otsala aja alipo. Tingochotsa mapulanga osweka tiikepo atsopano basi. Ndalama ili m'thumba ndi ya chimbudzi cha atsikana, chonde tisaigwire.

Achimwene a ku Joni: Amsungichuma pepani koma apo tingotaya mabokosiwo. Ntchito imeneyi ndi imene ndimadyera kuno. Vinyl wolumikiza ngati ameneyu samatidwa pansi, amangogona pamwamba pa simenti, ndiye pansipo pakakhala kadzenje pulanga limalendewera, munthu akaponda limapindika, akachotsa phazi limabwerera, tsiku ndi tsiku mpaka kamlomo kolumikizira kaja kamathyoka chifukwa nkopyapyala kwambiri. Mukaika latsopano pa dzenje lomwelo lithyokanso pomwepo. Ambiri opanga vinyl amafuna kuti mukagoneka chitsulo chowongoka cha mamita 2, mpata wapansi pake usapitirire mamilimita 3 kapena cha pomwepo. Pachithunzi chachitatu paja ine ndikuona poti chala chitha kulowa.

Msungichuma, Blantyre: Nanga kutukuka kwa pawindo nakonso ndi dzenje?

Achimwene a ku Joni: Ayi, uko nkutentha. Vinyl amafufuma akatenthedwa ndiye amafunika mpata kukhoma, mamilimita 6 mpaka 10 kuzungulira chipinda chonse, sikeetingi, kathabwa ka m'munsi mwa khoma kaja, nkubisa mpatawo. Anayikawo anagunditsa kukhoma, ndiye dzuwa la ku Salima la mu Okutobala lija likalowa pawindo masana alibe kothawira, amangokwera m'mwamba.

Asisi a ku Leeds: Kuno amathira self-levelling compound, imayenda yokha ngati phala nkudzaza maenje onse, mawa lake pansi pali see. Bwanji tigule imeneyo? Ine vinyl ndikumufuna ndithu abale, ana amakhala pansi powerenga, ndipo kukolopa nkosavuta. Tisabwerere m'mbuyo.

Achimwene a ku Joni: Asisi ndi yabwino koma ili ndi malamulo ake. Pansi pakhale polimba, pouma, posesa bwino, apake kaye primer, mankhwala othandiza kuti imamatire. Ndipo thumba limodzi silipita patali dzenje likakhala lakuya. Mukaithira pa simenti yofumbutuka idzasendeka yonse pamodzi ndi simentiyo.

Msungichuma, Blantyre: Komanso ndi katundu wochokera kunja ameneyo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chakunja chimaluma, inu mukatumiza pa Mukuru zimaoneka zambiri koma zikafika mu hardware zimasungunuka.

Amalume kumudzi: Ana anga ndalemberedwa ndi mdzukulu, mundimve. Ine ndimalowamo m'chipindamo. Mukagogoda ndi ndodo pakona ya kumpoto pamalira ngati ng'oma, pansi pake palibe kanthu. Dothi la pamenepo ndi makande, chilimwe limang'ambika, dzinja limafufuma, ndipo chiswe chilipo chambiri kuseri kwa khoma. Pothira silabu sindinaone akuyala pulasitiki yakuda ija. Maganizo anga, chotsani zonsezo, konzani simenti, thirani red oxide, amayi azipaka Cobra. Nyumba zathu zonse zili choncho ndipo zikang'ambika bilidala wa pompano amakonza, sitidikira munthu wa ku tauni. Ana tiwayalira mphasa.

Asisi a ku Leeds: Amalume ndakumvani ndi ulemu wonse, koma simenti ya kusukulu kuja mukuidziwa m'mene imachitira fumbi, ana a chifuwa amavutika. Ndiye tinasonkha ndalama zonse zija kuti vinyl tikamutaye?

Mphunzitsi, Mzuzu: Nanga matailosi?

Achimwene a ku Joni: Matailosi pa silabu yosuntha amasweka kuposa vinyl aphunzitsi. Za fumbi asisi, simenti imafumbutuka akachulutsa mchenga ndiponso akapanda kuithirira. Screed yabwino, ndikunena matope a simenti osalazira pamwamba pa silabu, ndi muyeso umodzi wa simenti ku itatu kapena inayi ya mchenga wa kumtsinje wosefa, nkumaithirira madzi sabata yathunthu. Ndipo vinyl sitimutaya. Amamasulidwa kuyambira kukhoma, mzere ndi mzere, kulemba manambala kumbuyo, amene ali bwino nkusunga pamalo afulati pamthunzi. Koma zomwe anena amalumezi zandiopsa kuposa maenje. Ngati pansi pa silabu palibe pulasitiki ndiye chinyontho chimakwera nthawi ya mvula nkutsekeredwa pansi pa vinyl, kumayamba nkhungu ndi fungo. Kuyesa kwake nkosavuta, matani pepala la pulasitiki pa simenti ndi tepi mbali zonse zinayi, lisiyeni tsiku lathunthu, mukapeza thukuta kunsi kwake kapena simenti yada ndiye madzi alipo. Kungoti pano nchilimwe, litha kuuma bwinobwino kenako mu Januwale nkunyowa.

Mphunzitsi, Mzuzu: Ndiye ngati ndamva bwino, ngakhale tithire screed lero vinyl sangabwerere msanga?

Achimwene a ku Joni: Eya. Screed imauma pafupifupi milimita imodzi patsiku, ya mamilimita 40 ndi masiku 40 kapena kuposa, mvula ikayamba zimachedwanso. Ine ndikuti pakona polira paja paswedwe, athiremo mankhwala a chiswe, atsendere bwino, screed chipinda chonse, ana agwiritse ntchito simentiyo dzinja lino. Tikaona kuti mpouma mpaka Epulo tibwezeretse vinyl, pakanyowa ndiye red oxide ya amalume.

Asisi a ku Leeds: Bola mundilonjeze kuti nkhani ya vinyl tidzaikambanso mu Epulo, isafere m'mabokosi.

Msungichuma, Blantyre: Ine funso langa ndi ili, matumba a simenti angati, ndipo ndalama ichokera kuti? Ya chimbudzi ayi.

Wapampando: Zikomo nonse. Alembi uzani komiti imasule vinyl Loweruka, ayeze chipinda, agoneke chitsulo chija nkuzunguliza maenje ndi choko, atitumizire zithunzi. Achimwene muwerengere matumba miyeso ikafika. Za ndalama tidzavota Lamulungu madzulo, chopereka chapadera kapena ayi. Pasapezeke wogula chilichonse tisanavote.